Khoma likamwa madzi, musathamangire penti

Madzi a namondwe wa Freddy analowa m'nyumba mwanga usiku, mu Malichi 2023. Sanabwere ndi mkokomo ngati ku Chilobwe mu mzinda wa Blantyre, kapena ku Phalombe ndi ku Mulanje komwe matope ndi miyala zochokera m'mapiri zinakokolola anthu pamodzi ndi nyumba zawo. Kwathu kuno kufupi ndi nyanja ya Malombe anangolowa mwakachetechete pansi pa chitseko, ndipo pomwe kumacha n'kuti afika m'mawondo. Anakhala masiku 3 kenako n'kuphwa. Tinathokoza Mulungu kuti palibe wafa ndipo nyumba yaima. Ine ndinkayesa nkhani yathera pomwepo.

Patangopita masiku owerengeka Ramadan inayamba. Pofika pakati pa Epulo khoma linkaoneka louma, ukaligwira osanyowetsa dzanja. Mayi akunyumba anati alendo a pa Eid asadzapeze mzere wakuda umene madzi anasiya kuzungulira pabalaza. Nane ndinavomera, sindingawanamizire iwo okha. Ndinagulitsa mbuzi imodzi, n'kugula simenti matumba 2 ndi penti ya mafuta, yonyezimira ija, n'kuitana mnyamata wodziwa kugwira chipande. Pa Eid nyumba inawala ndithu, alendo mpaka kuyamikira.

Mu Juni penti ija inayamba kutupa ngati matuza a moto. Ukaboola, mkati mukutuluka timadzi ndi ufa woyera. Pulasitala watsopano uja ukamugogoda akulira ngati ng'oma. Chipinda chogona chinayamba kununkha chinyezi, mdzukulu wanga amene ankagona mmenemo chifuwa osatha, ndipo matumba 4 a chimanga amene ndinatsamiritsa kukhoma anachita chuku mbali yonse yokhudza khomalo. Mbuzi inapita, chimanga chinanso chinapita, ntchito n'kuyambanso poyambirira.

Ndalemba izi chifukwa madzi sakutisiya. Tinawaona mu 2015, anabweranso ndi Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023, ndipo mu 2024 nyanja ya Malawi inakwera mpaka kulowa m'nyumba za anthu m'madoko a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Za kuthawa madzi timauzidwa pa wailesi. Koma za nyumba imene yatsala chiimire itamwa madzi, ambirife timaphunzira titaluza kale ngati ine.

Khoma limamwa ngati chingwe cha koloboyi

Amene munagwiritsapo ntchito koloboyi mukudziwa kuti palafini amakhala pansi m'botolo, koma amakwera yekha m'chingwe mpaka kufika pamoto. Njerwa ndi matope zimatero kumene. Zili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo madzi amakwera m'timabowomo kupitirira pamene anafika. Choncho mzere wakuda mukuuona pakhomawo si malire a chinyezi ayi. Chinyezi chili pamwamba pake, kawirikawiri phazi limodzi kapena kuposa, ndipo chalowa mpaka pakati pa njerwa.

Pouma, khoma limayamba kunja. Khungu lake limauma m'masiku ochepa, mkati muli chinyowere. Apa ndi pamene ndinanamizidwa ine. Amisiri a kumayiko ozizira amawerengera kuti khoma la njerwa limauma inchi imodzi pa mwezi, ndiye khoma la mainchesi 9, la njerwa ziwiri lija, lingathe miyezi yambiri ndithu. Kuno kwathu dzuwa ndi mphepo zimatithandiza, zimafulumirako, komabe si nkhani ya milungu 3 kapena 4. Khoma limene lanyowa mu Febuluwale kapena Malichi muziliwerengera kuti lidzakhala bwino cha mu Ogasiti, Seputembala, mwinanso Okutobala. Ndipo madzi amene anangodutsa tsiku limodzi ndi osiyana ndi a nyanja amene amakhazikika pabwalo miyezi. Bola dothi lapansi pa maziko likadali lonyowa, khoma limangomwabe, ngakhale muliumitse bwanji kumwamba.

Musanalowe, yang'anani kaye

Izi ndinene mwamphamvu, abale anga a nyumba za zidina ndi za mdindo. Nyumba zina zotere sizigwa madzi ali mkati, zimagwa madzi ataphwa, anthu atabwerera n'kuyala mphasa. Chidina chikanyowa chimabwerera kukhala thope. Mizere yapansi, imene yasenza khoma lonse ndi denga, ndi yomwe yafewa. Ngakhale nyumba ya njerwa zowotcha, ngati inamangidwa ndi matope osati simenti, vuto ndi lomwelo, kungoti limachedwerako: njerwa ili bwinobwino koma chogwirizitsa chasungunuka.

Zungulirani nyumba kunja masana kukuwala. Tengani chingwe, mangani mwala kumapeto, chigwireni pamwamba pa khoma kuti mwala ulendewere. Ngati khoma lapendama kapena latulutsa mimba, chingwe chikuuzani. Onani ming'alu, makamaka m'makona ndi pamwamba pa zitseko ndi mazenera. Mng'alu wopingasa cham'munsi mwa khoma ndi woopsa. Chitseko chimene chimatsekeka bwino kale koma lero chikukana, pena ndi thabwa chabe latupa, koma pena ndi khoma lasuntha, ndiye musachinyozere. Tengani khala mulembe pamene mng'alu wathera, mubwerenso mawa ndi mkuja. Ukadutsa pamene munalemba, nyumbayo ikuyendabe, musagonemo. Tsinani pansi pa khoma ndi chala. Chikalowa ngati mu nsima, ana akagone kwa achibale kapena m'chisakasa panja. Manyazi ogona kwa eni ndi aang'ono poyerekeza ndi maliro.

Ngati khoma lafewa koma silinapendame, lipepuzeni katundu. Dzikani mphanda zolimba mkati, pa thabwa kapena mwala wafulati kuti zisamire, zinyamule mitanda ya denga. Udzu wonyowa umalemera kwambiri, ndipo kulemera konseko kukutsikira pa mizere yofewa ija.

Amene muli ndi magetsi a ESCOM thimitsani switchi yaikulu musanaponde m'madzi, ndipo masoketi amene anamira asagwire ntchito mpaka wodziwa za magetsi awaone. Mabatire a sola nawo achotseni pansi. Njoka ndi zinkhanira zimathawiranso m'nyumba nthawi ya madzi, ndiye musapise dzanja kuseri kwa katundu musanagogode.

Matope atuluke akadali ofewa

Madzi osefukira amadutsa m'zimbudzi, m'makola ndi m'dzala asanafike pabalaza panu. Tonse tikukumbukira kolera imene inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kufalikira dziko lonse, anthu opitirira 1,700 n'kumwalira. Choncho thope latsala m'nyumbalo musaliyese dothi wamba. Valani majombo, kapena mangani mapepala apulasitiki kumapazi ngati majombo palibe, makamaka ngati muli ndi chilonda. Kokololani thope lisanaume, pakuti likauma limasanduka fumbi lomwe muzipuma, komanso limatseka pansi kuti pasaume.

Pansi pa simenti tsukani kaye ndi sopo, kenako mupukute ndi madzi a Jik, kapu imodzi mu ndowa ya malita 20, mazenera ali otsegula. Jik musamusakanize ndi mankhwala ena aliwonse otsukira, amatulutsa mpweya wopweteka m'chifuwa. Pansi pozira Jik sathandiza kwenikweni, amangomwedwa ndi dothi. Apo palani dothi lapamwamba mukataye kutali, muwaze laimu, mudikire paume, kenako mubweretse dothi latsopano amayi azire.

Chilichonse chosunga madzi chituluke panja: mphasa, mikeka, matilesi, zovala, mabuku, maukonde. Nkhungu siichedwa, tsiku limodzi kapena awiri yayamba kale pa chinthu chonyowa. Mkeka ndi zovala zimachapika. Matilesi a siponji amene amwa madzi a m'chimbudzi, kunena zoona, ndi ovuta kuwayeretsa mpaka mkati, ndipo mwana wakhanda kapena wodwala asagonepo. Kabati ndi bedi zisunthidwe zichoke kukhoma, ndipo makalenda ndi mapepala onse omata kukhoma achotsedwe. Ndinapeza nkhungu yakuda bii kuseri kwa kabati yomwe tinaiona yolemera kuisuntha.

Kuumitsa kwenikweni

Asodzi nkhaniyi simufunika kuphunzitsidwa. Usipa suuma chifukwa cha dzuwa lokha. Umauma pa thandala chifukwa mphepo ikudutsa pansi ndi pamwamba, ndipo mukauunjika kapena kuuphimba ndi pepala usanaume, umaola. Khoma ndi chimodzimodzi: likufuna mphepo yodutsa, ndipo lisaphimbidwe.

Tsegulani zitseko ndi mazenera oyang'anizana kuti mphepo ilowe uku itulukire uko. Zenera limodzi lokha silikwanira. Zitseko za zipinda ndi za makabati zikhale zotsegula. Chitani izi kuyambira dzuwa likakwera mpaka chakumadzulo, ndipo usiku kapena tsiku la mvula tsekani, chifukwa mpweya wa nthawi imeneyo ndi wonyowa kale, ungowonjezera. Abale a ku Zomba, Mulanje ndi Thyolo, masiku a chiperoni musadzivute, palibe chimene chiume. Ife a kunyanja tili ndi mwayi wa mwera. Ukayamba kuwomba cha mu Meyi ndi Juni umatilepheretsa kupita panyanja, koma m'nyumba umagwira ntchito yaikulu. Amene muli ndi fani iyang'anitseni kukhoma lonyowalo, zenera lili lotsegula. Kunja, sadzani nthambi ndi tchire zimene zikutchinga dzuwa kumbali yonyowayo, ndipo nkhuni, njerwa kapena bwato zimene mwatsamiritsa kukhoma zichoke.

Tsopano za mbaula. Ambiri amaganiza zoika mbaula m'chipinda n'kutseka kuti kutenthe, khoma liume msanga. Chonde musatero. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo, wosaoneka, umene umagonetsa munthu osadzukanso. Mabanja atha ndi zimenezi nyengo yozizira. Komanso kutentha kopanda potulukira sikuchotsa madzi m'nyumba, nthunzi imangochoka kukhoma n'kukakhala kumalata, usiku n'kudontheranso pansi. Ndipo khoma la dothi mukaliwamba ndi moto pafupi, kunja kumauma mothamanga mkati muli monyowa, ndiye limang'aluka. Ngati mwaikamo mbaula, ikhale pakati pa chipinda, masana okha, mazenera onse otsegula, munthu osakhalamo.

Pulasitala ndiye nkhani imene imawawa. Gogodani ndi chala kapena mpini wa mpeni. Pamene pakulira ngati ng'oma, wasiyana kale ndi njerwa, ndipo kuseri kwake kwadzaza chinyezi. Mugwetseni, mpaka phazi limodzi pamwamba pa mzere wa madzi, njerwa zikhale pambalambanda zipume. Nyumba ioneka yonyansa miyezi ingapo, inde, anthu azifunsa. Ayankheni kuti ikuchira. Pamene pulasitala wagwira zolimba musiyeni, koma ngati pali penti ya mafuta ipaleni cham'munsimo, chifukwa penti imeneyo ili ngati pepala lapulasitiki, siilola nthunzi kutuluka. Pa khoma la zidina lofewa musamenye ndi hamala, dikirani lilimbeko kaye ndipo muzichotsa pang'onopang'ono.

Pouma mudzaona ufa woyera ukutuluka pa njerwa ngati chikungu. Ndi mchere umene madzi anasungunula m'dothi ndi m'njerwa. Madzi akamauluka, iwo umatsala pamwamba. Musachite nawo mantha, ndi chizindikiro chakuti madzi akutuluka. Usesereni ndi bulashi youma kapena tsache lolimba, muwole mukataye. Mukautsuka ndi madzi mwaubwezera m'khoma. Ukamabwerabe mlungu ndi mlungu, dziwani kuti mkati simunaume. Nkhungu yakuda kapena yobiriwira ndi ina: imeneyo pa pulasitala ipukuteni ndi Jik wamphamvuko, kapu imodzi m'malita 5 a madzi, mutamanga kansalu kukamwa ndi kumphuno, ndipo ana ndi a mphumu atuluke. Musaipale youma, imauluka.

Mudziwa bwanji kuti lauma?

Dzanja limanama, ndanena kale. Njira imene ndinaphunzira mochedwa ndi yosafuna ndalama. Dulani pepala lapulasitiki loonekera mkati, lalikulu ngati mpango wa m'manja kapena kuposerako. Limateni kukhoma cham'munsi ndi tepi mbali zonse 4, pasakhale polowa mpweya. Lisiyeni usiku ndi usana, masiku 2 ndi bwino. Mukapeza timadontho kumbali yoyang'ana khoma, kapena khoma pansi pa pepalalo lada kusiyana ndi pozungulira, madzi akadalimo. Timadontho tikakhala kunja kwa pepala, vuto ndi mpweya wa m'chipinda, onjezerani kutsegula. Yesani malo angapo, makamaka m'makona ndi khoma limene silionana ndi dzuwa. Ine nditagwetsa pulasitala wanga uja mu Julayi, pepala linatuluka louma koyamba kumapeto kwa Seputembala.

Likauma, bwezerani chofanana ndi chimene khomalo linapangidwa nacho. Khoma la zidina kapena mdindo limatidwe ndi dothi losakaniza mchenga. Simenti pa dothi imaoneka yachizungu koma sizigwirizana: imatsekera chinyezi mkati, chidina chimafewa kuseri osaoneka, tsiku lina chigamba chonse chimagwa. Ngati mizere yapansi yadyeka, isintheni ndi njerwa zowotcha, koma kachigawo kakang'ono nthawi imodzi, kotalika ngati mkono, denga litachirikizidwa. Kalimbe kaye musanapite pena. Mukagumula pansi ponse tsiku limodzi khoma likugwerani. Pa njerwa zowotcha, pulasitala watsopano naye amabwera ndi madzi ake, mupatseni milungu ingapo. Ndipo chaka choyamba pakani laimu basi. Laimu ndi wotchipa, amalola khoma kupuma, ndipo nkhungu siimukonda. Amawotcha khungu ndi maso, ndiye samalani posakaniza. Penti ya mafuta idikire dzinja lina lidutse muone ngati chinyezi sichibwerera.

Sikuti madzi onse ndi a chigumula. Nyumba zambiri zimadyeka ndi kadontho ka pa msomali wa lata, chaka ndi chaka, kapena paipi yodontha mkati mwa khoma la bafa. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: banga loyambira kumwamba kutsika ndi denga, loyambira pansi kukwera ndi maziko, ndipo limene silisintha ngakhale m'chilimwe ndi paipi. Ngati muli ndi mita ya madzi, tsekani mipopi yonse muone ngati ikuyendabe. Tsekani kaye podonthapo, kupanda kutero mukutunga madzi ndi dengu. Siling'i ya mabodi ofewa ikamwa madzi n'kulendewera siibwereranso, ichotseni isanagwere munthu, ndipo muone mitengo ya denga ngati siinaole. Chiswe nachonso chimakonda malo onyowa, muziyang'ana tinjira take m'mafelemu a zitseko.

Zokolola zisalowe m'chipinda chodwala

Chovuta kwa ife alimi n'chakuti madzi amabwera mu Januwale mpaka Malichi, ndipo chimanga, mpunga ndi mtedza zimalowa m'nyumba mu Epulo ndi Meyi, khoma lisanachire. Masiku ano ambiri tinasiya nkhokwe zapanja poopa akuba, matumba timagona nawo. Chimanga chouma bwino chimakoka chinyezi kuchokera kukhoma ndi pansi, ndiye chimachita chuku. Poizoni wa chuku satha ndi kuphika kapena kugayitsa. Amawononga chiwindi ndipo ana amapinimbira naye. Kupatsa nkhuku kapena ng'ombe ya mkaka si kupulumutsa ayi, zimadwala nazo ndipo amatha kudutsira mu mkaka.

Ngati muli ndi chipinda chimene madzi sanafike, kapena m'bale wa kumtunda wokhulupirika, sungani kumeneko. Ngati palibe, konzani thandala la mitengo lokwera ndithu kuchoka pansi, matumba atalikirane ndi khoma moti munthu n'kudutsa kuseri, ndipo muziwatembenuza ndi kununkhiza. Matumba a PICS amathandiza chifukwa cha mapepala ake amkati, koma chimanga chilowemo chitauma kale gwa, ndipo nawonso asakhale pansi. Usipa ndi utaka wouma umabwerera msanga kuposa chimanga, m'chipinda chotere ungochita nkhungu masiku ochepa, bola kuugulitsa msanga. Feteleza naye amaundana. Mbewu yosungira chaka chamawa ndiye isayandikire n'komwe.

Ntchito ya chilimwe

Khoma likamauma, manja asakhale. Yang'anani kumene madzi a padenga amagwera. Ngati akugwera pa phazi la khoma, nyumbayo imamwa chaka chilichonse ngakhale popanda namondwe. Kwezani khonde kuzungulira nyumba yonse, litsetserekere kunja. Kumbani ngalande yotenga madzi kupita nawo kutali, koma isagundane ndi maziko, italikire ngati sitepe imodzi yaikulu. Ngalande yokumba m'mphepete mwenimweni mwa khoma imafooketsa maziko omwewo. Maluwa ndi masamba obzala mogundana ndi khoma, othirira tsiku ndi tsiku, asamukire kudimba. Amene munamanga pa makande mukudziwa kuti dothi limeneli limatupa likanyowa ndipo limang'ambika likauma, ndiye ming'alu ina idzaoneka mu Okutobala, osati mu Malichi. Musathamangire kuitseka isanaime, muziilemba ndi khala monga ndanena.

Kwa amene nyumba inagwa ndipo mukumanganso: maziko akhale a miyala kapena njerwa zowotcha, akwere kupitirira pamene madzi anafika ngati mungathe, ndipo pamwamba pa maziko muyale pepala lakuda lija amisiri amati DPC musanayambe khoma. Limadula chingwe cha koloboyi chija. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi nyumba yonse, koma ndi limene anthu amayamba kuchotsa ndalama zikachepa. Denga litulukire kunja mokwanira kuti mvula isamenye khoma. Ndipo ngati malowo madzi afikapo kawiri kapena katatu m'zaka 10 zapitazi, kambiranani ndi amfumu za malo akumtunda, kunyanja kutsale chisakasa cha maukonde.

Kwanga ndinapaka laimu mu Okutobala 2023, ndipo mzere wa madzi uja ukuonekabe pang'ono pakona ya kuseri kwa chitseko. Mayi akunyumba akuti tiupake, ine ndikuti usiyeni, ndi umene ndinayezera kutalika kwa thandala la matumba. Pepala loyesera lija ndimalimatabe pakona yomweyo mwezi wa Epulo uliwonse, chimanga chisanalowe.